Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Njira ya Dandaulo Kuchokera pa Mwami

Wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwu umamuika wodzudzula pamalo aulemu. Munthu amene wauza mnzake kuti ntchito yake yapotoka wachita chimene wongodutsa sachita, pakuti wodutsa amaona, n'kusunga pakamwa, n'kupitiriza ulendo wake. Nzeru imeneyi inabadwira kumene wopanga chinthu ndi wochigwiritsa ntchito amatunga pachitsime chimodzi ndi kukumana pamaliro amodzi, kotero kuti chala chotsina sichiyenda mtunda kuti chipeze khutu. Mapulogalamu a pakompyuta ndi a m'foni anautalikitsa mtunda umenewo. Wolemba pulogalamu ndi woigwiritsa ntchito kawirikawiri sadziwana nkhope, salankhula chilankhulo chimodzi, ndipo mwina sadzaponda konse dera limodzi.

Pa Mwami, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Chipata, mtunda umenewu umaonekera poyera. Pachipata cha malire a Zambia ndi Malawi, chimene apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegulira mu Disembala 2022 chitamangidwa mwatsopano kuti apaulendo aziima pamalo amodzi m'malo mwa awiri, katundu amalembetsedwa mu ASYCUDA, pulogalamu ya misonkho ya pamalire imene inapangidwa ndi bungwe la UNCTAD ku Geneva. Chapafupi pali chipatala cha Mwami cha mpingo wa Seventh-day Adventist, chomwe chakhala chikulandira odwala kuyambira mu 1927, ndipo ntchito ya zaumoyo m'Zambia masiku ano imatsamira pa mapulogalamu monga SmartCare, yosunga mbiri ya odwala, ndi DHIS2, yosonkhanitsa ziwerengero za zipatala, imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. M'mbali mwa msewu muli timisasa ta maejenti a ndalama za pafoni za MTN, Airtel ndi Zamtel. Kumidzi kuli alimi amene mayina awo ali m'kompyuta ya FISP, ndondomeko ya boma ya fetereza ndi mbewu zotsika mtengo. Anthu onsewa ndi anansi a amisiri amene ali ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 550 pa msewu wa Great East, kapena kutsidya kwa nyanja. Zonena ali nazo. Chofunika n'chakuti mawu awo apeze njira yokafikira, ndipo yankho lipeze njira yobwererera.

Chida chimene magulu olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito pa zimenezi chimatchedwa issue tracker, ndipo kwenikweni ndi kaundula wa mavuto. Vuto lililonse kapena pempho lililonse limalembedwa palokha ngati tiketi. Tiketiyo imakhala ndi nambala yake, tsiku lake, dzina la amene wapatsidwa kuti aisamale, ndi chizindikiro chosonyeza pamene yafika. Aliyense wa m'gululo akhoza kulembapo zimene wapeza, ndipo zolembazo zimasungika motsatana, mwakuti wobwera chaka chamawa angawerenge nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Bugzilla, mmodzi mwa akaundula odziwika akale, anatulutsidwa ndi a Mozilla mu 1998. Jira, ya kampani ya Atlassian ya ku Australia, inabwera mu 2002. GitHub inawonjezera kaundula wake mu 2009. Opanga DHIS2 amasunga mavuto ndi zopempha zawo mu Jira imene anthu a kunja kwa gulu lawo angathe kuiwerenga ndi kulembamo. Zidazi zimasiyana maonekedwe, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chimamva pachokha. Kupeza chida ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ntchito yeniyeni ndi kugwirizana mwambo wa kayendedwe ka dandaulo, ndi kuusunga mwambowo ngakhale pa masiku a phuma.

Mwambowo umayambira pakhomo. Anthu sadandaula kudzera m'njira imene wopanga pulogalamu wawalambulira; amadutsa imene ili pafupi. Wina aimba foni, wina ajambula mawu pa WhatsApp, wina alemba pa Facebook, wina auza mlangizi wa zaulimi, wina angodikira tsiku limene akuluakulu a kuboma adzabwere kudzayendera. Gulu lanzeru silitseka makomo amenewa, koma limaonetsetsa kuti onse akutulukira mu kaundula mmodzi. Lamulo lake ndi lalifupi: amene wamva dandaulo ndiye alilembe, tsiku lomwelo, ngakhale atalimva ali m'basi. Dandaulo limene lathera m'foni ya mmisiri mmodzi limagona iye akadwala, ndipo limasowa iye akasiya ntchito.

Komabe makomo ngakhale achuluke, ambiri salowa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mwambiwu nthawi zambiri umanenedwa pokalipira mbewayo. Pa nkhani ya mapulogalamu, manyaziwo ali ndi mizu imene wopanga ayenera kuidziwa asanaweruze. Mayi wogulitsa zitenje amene ndalama yake yakanirira m'foni amayamba ndi kudziimba mlandu yekha: amati mwina wadina polakwika, mwina ndi kuchepa kwa sukulu. Kalaliki wachinyamata saona kuti n'koyenera kuuza abwana ake kuti pulogalamu imene inalandiridwa ndi kuomba m'manja pa msonkhano waukulu ndiyo ikutalikitsa mzere. Ulemu wa Achewa ndi Angoni umaphunzitsa kuzungulira pouza wamkulu cholakwa, pamene fomu ya Chingerezi ya mabokosi khumi siidziwa kuzungulira. Pamwamba pa izo, kudandaula kumadya mayunitsi ndi mabandulo, ndiponso nthawi imene munthu akanakhala pa geni yake. Choncho kaundula amene mulibe matiketi ochokera kumidzi si umboni wakuti kumidzi zinthu zili bwino. Kawirikawiri ndi umboni wakuti anthu anataya mtima, n'kubwerera ku kope ndi cholembera mwakachetechete. Kukhala chete kwa mtundu umenewu ndiko koopsa kuposa kukalipa konse, chifukwa wokalipa akadali ndi chiyembekezo chakuti wina amumva.

N'chifukwa chake anthu apakati ndi ofunika kuposa fomu iliyonse. Ejenti wa pamsewu, namwino, mlangizi, ndi wothandiza amalonda pa malire amamva madandaulo ambiri pa sabata kuposa amene mmisiri wa ku likulu angamve pa chaka. Pansi pa ndondomeko ya COMESA yopeputsira malonda ang'onoang'ono, imene Zambia ndi Malawi anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2010 ndipo imakhudza katundu wa mtengo wochepa, pa Mwami pamakhala desiki yothandiza amalonda kudziwa malamulo ndi kulemba mafomu. Munthu wa pa desiki yotere amadziwa bokosi limene aliyense amakodwapo. Anthu otere ayenera kupatsidwa mphamvu yotsegula tiketi okha, m'Chinyanja ngati afuna, pojambula mawu ngati kulemba kukuwachedwetsa, popanda kudikira chilolezo cha wamkulu amene dandaulolo lingamuchititse manyazi.

Chipata ili ndi chitsanzo chakechake cha mmene anthu amatsegukira akapeza khutu lodalirika. Wayilesi ya Breeze FM, imene Mike Daka anaikhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inatchuka ndi muulutsi wotchedwa Gogo Breeze, amene ankawerenga makalata a omvera m'Chinyanja, kulandira mafoni awo, ndi kutsatira nkhani zina mpaka kwa odandaulidwawo kuti amve mbali yawo. Harri Englund wa ku yunivesite ya Cambridge analemba buku lathunthu pa ntchito imeneyi, lotuluka mu 2018. Omvera ankalankhula naye monga adzukulu kwa agogo awo, ndipo ubale umenewo unkalola wosauka kunena zimene sakananena pa ofesi. Gulu la mapulogalamu silingasanduke agogo, koma lingatolepo zinthu zingapo zooneka. Anthu amadandaula kwa munthu amene ali ndi dzina, osati kwa bokosi. Amadandaula m'chilankhulo chimene amakwiyira nacho. Ndipo amapitiriza kulemba chifukwa anamvapo kalata ya mnzawo ikuwerengedwa, n'kudziwa kuti makalata amafikadi.

Dandaulo likalowa, ntchito yotsatira ndi kulilemba bwino, ndipo apa m'pamene pamatayika zambiri. Mawu omveka kwambiri pamzere ndi akuti "sisitimu yagwa," "netiweki palibe," kapena kungoti "yakana." Mawuwa ndi oona, koma mmisiri sangagwire nawo ntchito, chifukwa iye amakonza chokhacho chimene angathe kuchichititsa kuti chichitikenso pa kompyuta yake ali kuyang'ana. Wolandira dandaulo ayenera kufunsa modekha kuti munthuyo amachita chiyani, amayembekeza kuona chiyani, ndipo anaona chiyani m'malo mwake. Awonjezere malo, tsiku ndi ola, mtundu wa foni kapena kompyuta, nambala ya mtundu wa pulogalamu imene ilimo, ndi chithunzi cha uthenga umene unatuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zisanu zofunsa bwino pa Mwami zimapulumutsa masiku amene mmisiri akanataya ku Lusaka akufufuza vuto limene silili pamene akulifuna.

Mavuto a dera la m'malire ali ndi nkhope yawoyawo, ndipo ndi bwino kuwayang'anitsitsa. Mayina monga Ng'oma, Ng'ambi ndi M'bang'ombe ali ndi kachizindikiro kamene mapulogalamu olembedwa mosasamala amakakana, kapena amasokonezeka nako posaka dzina. Kalaliki wofuna kuthandiza amangokachotsa n'kulemba Ngoma, mzere n'kuyenda. Mwezi wotsatira kalaliki wina, pa kompyuta ina, alemba dzinalo molondola, osapeza kanthu, n'kutsegula mbiri yatsopano. Munthu mmodzi wasanduka awiri, ndipo ngati ndi wodwala, mankhwala amene analandira ali pa dzina limodzi pamene zoyeza magazi zili pa linalo. Nambala ya chitupa cha NRC cha ku Zambia ili ndi manambala asanu ndi limodzi, kenako awiri, kenako imodzi. Chiphaso cha unzika cha ku Malawi, chimene kalembera wake wamkulu anachitika mu 2017, chimasakaniza malemba ndi manambala. Bokosi limene linapangidwira mtundu umodzi wokha limamukana munthu wa ku Mchinji amene wawoloka kudzagula kapena kudzaonedwa. Chimodzimodzi bokosi la foni limene limadziwa +260 koma osadziwa +265, ndi bokosi la keyala limene limaumirira nambala ya nyumba ndi dzina la msewu kwa munthu amene keyala yake ndi mudzi wake ndi mfumu yake. Ngakhale foni yeniyeniyo, ikakhala pafupi ndi malire, nthawi zina imalumphira pa netiweki ya dziko linalo, uthenga wotsimikizira n'kuchedwa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chingaoneke mu ofesi ya mu mzinda, mmene oyesa pulogalamu amalemba mayina osavuta pa intaneti yothamanga. Woziona ndi mnansi wa pa Mwami yekha, ndipo akapanda kunena, wopanga adzakhala akukhulupirira kuti ntchito yake ndi yangwiro.

Pali chinthu china chimene olemba matiketi amachinyoza koma n'chachikulu: kusunga mawu a mwini dandaulo monga anawanenera. Tiketi yabwino imakhala ndi mawu a munthuyo m'chilankhulo chake, ndipo pansi pake pamabwera kufotokoza kwa wolembayo. Chifukwa chake n'chakuti womasulira aliyense amakonda kusintha vuto kukhala mankhwala. Ejenti akanena kuti masana saona bwino zolembedwa pa foni, wolemba wachangu amalemba kuti "akufuna malemba aakulu." Mwina vuto silinali kukula kwa malemba koma mtundu wawo wotuwa umene umazimirira padzuwa. Mawu oyambirira akasungidwa, mmisiri angathe kubwerera kwa iwo n'kupeza njira ina yabwino kuposa imene inaganiziridwa mothamanga.

Kusunga mawu sikutanthauza kusunga zinsinsi za munthu pabwalo. Chithunzi cha kompyuta ya kuchipatala chikhoza kuonetsa dzina la wodwala ndi matenda ake. Cha ndalama za pafoni chimaonetsa nambala ndi zimene munthu ali nazo. Kaundula amawerengedwa ndi anthu ambiri, ena a iwo a makampani ena, ndipo amakhala zaka. Lamulo la Zambia loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, limaika nkhani za umoyo pakati pa zinthu zofunika chisamaliro chapadera, ndipo Malawi anakhazikitsa lamulo lake mu 2024. Mayina ndi manambala aphimbidwe chithunzi chisanalowe, ndipo njira yomupezera wodandaula isungidwe padera, pamene ofika ndi okhawo oyenera kumuyankha.

Kenako pamabwera kusankhula. Pa masiku odziwika, tsiku lililonse ngati n'kotheka, anthu awiri kapena atatu amakhala pansi kuona matiketi atsopano: wolankhula ndi ogwiritsa ntchito, mmisiri, ndi amene ali ndi mphamvu yonena chimene chiyambe. Ena mwa matiketiwo ndi zolakwika zenizeni za pulogalamu. Ena ndi zopempha za chinthu chimene kulibe. Ena ndi mafunso chabe, ndipo funso limodzi likafunsidwa ndi anthu makumi awiri limasiya kukhala umbuli wa ofunsawo, limakhala umboni wakuti pulogalamuyo siifotokoza bwino. Ena ndi mavuto ochokera kunja, monga magetsi ndi netiweki, ndipo amenewa ndiwo amatayidwa msanga ndi mawu akuti si vuto lathu. Kutero n'kufulumira. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku m'Zambia monse. Mmisiri sangadzaze Kariba, koma matiketi zana onena kuti zolemba zinasowa magetsi atazima akumuuza chinthu chimene chili m'manja mwake: pulogalamuyo iyenera kusunga zimene munthu walemba pamene akulemba, ndi kugwira ntchito popanda intaneti mpaka itabwerera. Pa chifukwa chomwecho, madandaulo ofanana salumikizidwa kuti achepe m'maso koma kuti awerengedwe. Tiketi imodzi imakhala mutu, enawo amamangiriridwa kwa iyo, ndipo aliyense amene anadandaula amakhalabe pa mndandanda wa oyenera kuuzidwa.

Kusankha choyamba ndi pamene mtima wa gulu umaonekera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: gulu lofuna kukondweretsa aliyense limayamba zinthu makumi atatu osamaliza ngakhale chimodzi. Pafunika muyeso, ndipo muyeso wolungama ndi kukula kwa chovulaza, kuchuluka kwa okhudzidwa, ndi kukhalapo kapena kusakhalapo kwa njira ina yodutsira. Kukweza mawu si muyeso. Wamkulu wa ku likulu amene sakonda mtundu wa chikuto cha lipoti ali ndi nambala ya foni ya mkulu wa amisiri. Namwino amene mbiri ya mwana yamusowa alibe. Akaundula ena amalola anthu kuvotera zopempha, ndipo zimenezi zimathandiza, koma ovota ndi okhawo ali ndi intaneti ndi Chingerezi, choncho mavoti asamatengedwe ngati liwu la onse. Nyengo nayo ili ndi mawu. Mlimi amene walipira K400 yake ya FISP koma dzina lake silikuoneka m'kompyuta ya wogulitsa fetereza ali ndi vuto limene mu Juni lingadikire sabata ziwiri, koma mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, tsiku lililonse lochedwa limachotsedwa pa nkhokwe yake. Gulu limene silidziwa kalendala ya mvula ya anthu ake lidzaika matiketi m'ndondomeko yooneka bwino papepala koma yopweteka kumunda.

Tiketi ikasankhidwa, ipatsidwe mwini, munthu mmodzi wotchulidwa dzina. Pabwalo la mfumu mlandu suyenda wokha: pali nyakwawa kapena nduna imene inaulandira, pali tsiku limene unaikidwa, pali mboni zoitanidwa, ndipo odandaula amadziwa woti akamufunse ngati tsikulo ladutsa. Kaundula amafuna dongosolo lomwelo. Tiketi yolembedwa kuti ndi ya gulu lonse ilibe mwini. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene dzina lake lili pa tiketi ayenera kuvomera kufunsidwa, ngakhale yankho lake litakhala lakuti sanaiyambe. Mwiniyo ndiye amaisuntha pa masitepe ake: yatsopano, yalandiridwa, ikukonzedwa, ikuyesedwa, yatumizidwa, yatsekedwa. Masitepewa asachuluke. Magulu ena amapanga khumi ndi asanu, n'kupeza kuti palibe amene akukumbukira kusiyana kwake, ndipo kaundula amayamba kunama chifukwa anthu aleka kumusintha. Sitepe imodzi yokha ndiyo yoyenera kuwonjezedwa mosakayika: yosonyeza kuti tiketi ikudikira yankho la wodandaula kapena la bungwe lina, kuti kuima kwake kukhale ndi chifukwa cholembedwa.

Mlandu suola. Pakati pa anthu mwambiwu ndi chenjezo kwa wolakwa ndi chitonthozo kwa wolakwiridwa, ndipo mu kaundula uli ndi mbali zonse ziwiri. Tiketi ya zaka ziwiri zapitazo imatha kukhala kiyi ya vuto la lero, pamene mmisiri watsopano apeza kuti wina anaona kale chizindikiro chomwecho n'kulemba tsiku ndi malo. Koma matiketi amaunjikana msanga kuposa mmene amatsekedwera, ndipo mulu ukakula, mayesero amabwera otseka onse akale nthawi imodzi, kapena kuika makina oti azitseka okha tiketi iliyonse imene yakhala chete miyezi ingapo. Kuchita zimenezi kumayeretsa kaundula koma sikuchotsa vuto. Kalaliki uja akuchotsabe kachizindikiro pa dzina la Ng'oma m'mawa uliwonse. Njira yoona ndi kuwerenganso matiketi akale pa nthawi yoikika, kufunsa ngati vutolo likadalipo, ndipo ngati gulu latsimikiza kuti silidzakonza, linene poyera ndi chifukwa chake. Kukana kofotokozedwa kumamulemekeza munthu, chifukwa kumamumasula kuti afune njira ina. Kukhala chete kumamumanga pa chiyembekezo chimene mwini wake akudziwa kuti n'chopanda kanthu.

Gawo limene magulu ambiri amalephera ndi lomaliza, lobweza mawu. Mwa zonse zimene wodandaula angalandire, choyamba ndi nambala. Wogwiritsa ntchito foni m'Zambia amene kampani yake sinamuthandize angathe kupita ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mauthenga, ndipo pamenepo nambala imene anapatsidwa podandaula koyamba ndiyo umboni wake wakuti anayamba wagogoda pakhomo loyenera. Amalonda odutsa malire ali ndi njira yofanana pa tradebarriers.org, imene mabungwe a COMESA, EAC ndi SADC anakhazikitsa kuti anthu azinena zopinga za malonda: dandaulo limalandira nambala, limatumizidwa kwa oimira dziko lokhudzidwalo, ndipo aliyense angaone ngati latha kapena likadali lotsegula. U-Report, imene inayamba m'Zambia mu Disembala 2012 mothandizidwa ndi UNICEF, inaonetsa kuti achinyamata amalemba mwaunyinji pa nambala yaulere ya 878 akadziwa kuti kuseri kwake kuli mlangizi amene ayankhe. M'zitsanzo zonsezi, chimene chimakoka anthu si kukongola kwa chida koma kudziwa kuti mawu sagwera m'dzenje.

Choncho gulu liikiretu nthawi zimene wodandaula ayenera kumva kanthu: pamene dandaulo lalandiridwa, pamene chigamulo chapangidwa, ndi pamene kukonza kwatumizidwa. Uthengawo udutse njira imene dandaulo linadzera. Amene anauza ejenti ayankhidwe kudzera mwa ejentiyo. Amene anajambula mawu m'Chinyanja asatumiziridwe kalata ya Chingerezi yodzaza ndi mawu a amisiri. Ndipo malonjezo akhale ochepa ndi oona. Ndi bwino kunena kuti nkhaniyo idzaonedwa Lachisanu, n'kuionadi, kusiyana ndi kulonjeza kuti zonse zikonzeka mawa. Poyesa ngati mwambowu ukugwira, chiwerengero cha matiketi otsekedwa chimanyenga, chifukwa kutseka n'kosavuta. Zoyenera kuyang'ana ndi nthawi imene munthu amadikira yankho loyamba, msinkhu wa tiketi yakale kwambiri pakati pa zoopsa, kuchuluka kwa matiketi amene anatsegulidwanso, ndi madera amene kwa miyezi yambiri sikunachokere dandaulo ngakhale limodzi, pakuti kumeneko n'koyenera kutumako munthu kukafunsa.

Pomaliza penipeni pali kusiyana kwa mawu awiri amene amisiri amawasokoneza: kukonzedwa ndi kufika. Cholakwika chimatha kukonzedwa ku Lusaka Lolemba, koma kompyuta ya pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, imene intaneti yake ndi yapatalipatali, n'kukhalabe ndi pulogalamu yakale kwa milungu, mpaka wina atabwera kudzaikamo yatsopano. Foni ya ejenti imene malo ake osungira anadzaza siilandira kusintha kulikonse. Ngati pulogalamuyo ndi ya kunja, monga DHIS2 kapena ASYCUDA, ulendowo uli ndi zigawo ziwiri, chifukwa opanga akatulutsa mtundu watsopano, unduna kapena bungwe la m'dziko liyenera kuuyesa kaye lisanauike. Pa chifukwa chimenechi tiketi ya m'dziko imangiriridwe ku tiketi ya kwa opanga, ndipo isatsekedwe pa tsiku limene mmisiri wamaliza kulemba. Itsekedwe pamene munthu wa pamalopo wayesanso chimene chinakana, ndi dzina lomwelo, pa kompyuta yomweyo, n'kunena kuti tsopano chatheka. Akanena kuti chikukanabe, tiketiyo itsegulidwenso pa nambala yake yakale, pamodzi ndi mbiri yake yonse, kuti asayambenso kufotokoza kuchokera pachiyambi kwa munthu wachilendo.